CIGAWO CA NJINGA, NANGA WOCHOVERA DZIKO ALI KUTI?

Aliyense amene anaimapo pa Katete Stores m'mamawa adziwa zimene ndifuna kukamba. Dzuwa lisanakwere njinga zafika kale. Wina wamanga matumba awiri a cimanga, wina wasanjikiza makala kupitirira mutu wake, wina wakweza mai ndi mwana kupita nao ku cipatala ca St Francis. Ku Sinda ndi cimodzimodzi. Ku Vubwi, kumene zitunda zimalemetsa mlendo, anyamata amakwera osatsika pa njinga. Ine ndachova zaka zoposa 25 kuyendera machalichi a kumidzi m'parishi mwathu, ndipo masiku ano mwana wa sukulu amandipitirira pa citunda uku akundipatsa moni, osapuma n'komwe befu.

Tsono ndifunse, abale anga: mwa ana onsewa, ndani amene munamva kuti watengedwa kukachovera dziko la Zambia pa mpikisano?

Bungwe loyang'anira masewera amenewa lilipo. Dzina lake ndi Cycling Association of Zambia, ndipo monga mabungwe ena a masewera lili pansi pa National Sports Council of Zambia. Yesani kufunsa anyamata khumi ochova njinga zonyamula anthu ngati analimvapo. Ine ndinayesa, ndipo onse anandiyang'ana ngati ndikukamba Cilatini. Mipikisano imene timamva pa wailesi ndi ya ku Lusaka ndi kumigodi. Ku Solwezi mgodi wa Kansanshi unakhazikitsa timu ya njinga, ndipo tiwayamikire, cifukwa anaonetsa kuti mwana wa mu Zambia akapatsidwa njinga yabwino, cakudya ndi mphunzitsi amathamanga. Koma timu ya mgodi ndi ya mgodi. Siingasenze nchito ya bungwe la dziko lonse, ndipo kuno kwathu mgodi wotere kulibe.

Cimene cimandiwawa ndi cakuti cigawo cino ndiye kwao kwa njinga. Fakitale ya Luangwa Industries, imene inali kupanga njinga za Eagle, inaikidwa ku Chipata m'nthawi ya a Kaunda. Ambiri a ife amene tafika zaka makumi asanu tinaphunzira kuchova pa Eagle ya atate kapena ya amalume, mwendo titaulowetsa pansi pa cimtanda cifukwa pa sadulo sitinali kufikapo. Pambuyo pake kunabwera njinga za Buffalo za bungwe la World Bicycle Relief, zolimba, zonyamula makilogalamu 100 kumbuyo. Mtsogoleri wofunadi kupeza ochova akanayambira kuno.

Zaka zingapo zapitazo m'mudzi wina wa m'parishi mwathu munali mnyamata wa zaka 16. Anali kunyamuka tambala woyamba kupita ku Chipata, mtunda woposa makilomita 80, kukagula katundu wa kantemba ka amai ake, ndi kubwerera tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Njinga yake inali yopanda magiya, ndipo tayala lakumbuyo linali lomangidwa ndi mphira. Ndinafunsa kwa akuluakulu angapo a zamasewera kuti mwana wotere timutumize kuti. Woyamba anandituma kwa waciwiri, waciwiri anati ndilembe kalata, kalata ndinalemba. Lero mnyamata uja ali ndi ana atatu ndipo amachova makala. Sindinena kuti akanakhala katswiri, ai. Ndinena kuti palibe munthu anamuimirira ndi wochi m'manja kuti tidziwe.

Ndipo m'masewera awa m'mera mpoyamba. Mipikisano ya dziko lapansi ili ndi gulu la azaka 17 ndi 18, kenaka gulu la osafika zaka 23. Wopezeka ali ndi zaka 25 amakhala atacedwa kale. Taonani Biniam Girmay wa ku Eritrea, dziko losauka ngati lathu lomwe. Anabadwa mu 2000. Pofika 2018 anali atatengedwa kale kukaphunzira ku sukulu ya njinga ya bungwe la dziko lapansi la UCI ku Aigle, m'dziko la Switzerland. Mu 2022 anapambana mpikisano wa Gent-Wevelgem ku Belgium, ndipo mu 2024 anapambana masiku atatu a Tour de France ndi kutenga malaya obiriwira. Anthu a ku Switzerland sanamulote ai. Anamuona cifukwa kwao kumacitika mipikisano kawirikawiri, zotsatira zimalembedwa, ndipo dzina la mwana wothamanga limafika kumene liyenera kufika.

Rwanda ndiye atiphunzitsa zinthu ziwiri. Timu yao inayamba mu 2007 ndi anyamata owerengeka cabe. Mu 2012 Adrien Niyonshuti anachova pa masewera a Olympic ku London, ndipo mu September 2025 mzinda wa Kigali unalandira mpikisano waukulu wa njinga wa dziko lapansi, koyamba kucitikira mu Africa. Koma mu December 2019 komiti yonse ya bungwe lao la njinga inatula pansi maudindo pambuyo pa madandaulo okhudza ndalama ndi kuzunzidwa kwa atsikana ochova. Conco ngakhale kumene zinthu zioneka zikuyenda, atsogoleri akapanda kufunsidwa amasokera. Ife makolo mfundo ya atsikanayi tiigwire. Palibe mai wa ku Sinda angalole mwana wake wamkazi kukagona ku kampu pokhapokha adziwe kuti kuli mai mnzake womuyang'anira, ndiponso kuti mwana akalakwiridwa pali kokanena.

Ine sindinamizira atsogoleri a bungwe lathu mlandu wakuba. Mlandu umene ndiwapatsa ndi wa kusaoneka. Bungwe lochedwa la dziko lonse liyenera kuuza anthu zinthu zapafupi izi: makalabu olembetsa alipo angati ndipo ali m'zigawo ziti, masankho amacitika liti, ndalama zimene zimalowa zimapita kuti, ndipo mwana amene alibe m'bale ku Lusaka angalowe bwanji m'timu ya dziko. Zikalengezedwa pa mawailesi a kuno m'Cinyanja, theka la madandaulo anga latha. Utsogoleri wa masewera si kukwera ndeke kuperekeza timu. Ndi kuima pa dzuwa pa mseu wa fumbi ndi buku ndi wochi.

Ndidziwa cimene alimi anzanga anena. Ati, a katekisiti, feteleza tikuvutika kugula, inu mukamba za mpikisano wa njinga? Zoona. Njinga yeniyeni ya mpikisano, imene lamulo la UCI limati isapepuke kupitirira makilogalamu 6.8, mtengo wake ungagule ng'ombe zingapo. Palibe wa ife angaigule, ndipo sindipempha kuti tigulitse ng'ombe. Koma njinga yotere ifunika kwa mwana amene wapezeka kale. Kumupeza sikufuna zonsezo. Ana makumi atatu pa njinga zofanana za kumudzi, mtunda woyezedwa bwino, wochi imodzi ndi munthu wolemba moona mtima: basi, mwadziwa wothamanga. Komanso tisaiwale kuti njinga zamoto zikuwalanda makasitomala anyamata athu ochova. Miyendo ija ikasowa nchito, tonse tidziwa kumene imakathera: pa kacasu.

Apa tsono ndiloze cala kwa ife eni. Atsogoleri a mabungwe a masewera amasankhidwa ndi makalabu olembetsa. Ngati Katete, Sinda ndi Vubwi alibe kalabu m'kaundula, ndiye kuti pa tsiku la masankho tilibe voti, ndipo munthu wofuna mpando alibe cifukwa coyendera makilomita pafupifupi 500 kudzationa. Mipikisano ya njinga imene timaona kuno ndi ija ya nthawi ya kampeni kapena ya tsiku la cikondwerero: anyamata athamanga, wopambana apatsidwa sikipa ndi ndowa, alendo ajambulitsa, ndipo mawa lake palibe akumbuka dzina lake ngakhale nthawi imene anatenga. Timaomba m'manja n'kubwerera kwathu. Ndalama za CDF zinakwera mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ndipo mbali ina ndi ya acinyamata. Kodi pa misonkhano ya m'mawadi alipo anaimirira kupempha zisoti makumi awiri ndi ndalama yolembetsera kalabu? Ineyo sindinatero, ndivomera.

Nali pempho langa. M'boma lililonse mwa atatuwa, aphunzitsi a zamasewera, magulu a acinyamata a m'machalichi onse ndi atsogoleri a anyamata ochova akhale pansi apange kalabu imodzi, ailembetse. Mpikisano ucitike kamodzi pa mwezi kuyambira tikatha kukolola mpaka mvula isanagwe, pa miseu ya kumidzi, osati pa Great East Road pamene malole opita ku Chanida ndi ku Mwami sasiyira munthu malo. Zaka za mwana aliyense zitsimikizidwe ndi khadi la kusikelo kapena kalata ya ubatizo, pakuti bodza la zaka linaononga kale masewera ena. Atsikana akhale ndi mpikisano wao, woyang'aniridwa ndi azimai. Opambana a maboma atatu akumane kumapeto kwa August, pamene khamu la anthu limabwera ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, ngati a kumpando a Kalonga Gawa Undi angalole kuti ucitike cakufupi ndi masikuwo.

Caka cikatha, buku la maina ndi nthawi litumizidwe ku Cycling Association of Zambia, kope lina ku National Sports Council, lina kwa aphungu athu, pamodzi ndi kalata yopempha mphunzitsi kuti abwere adzaone ana khumi oyamba. Akayankha, yankho lao tidzalipereka kwa akonzi kuti lisindikizidwe pa tsamba lino. Akakhala cete, tidzalemba tsiku limene kalata inapita.