Mlangizi wa zaumoyo afike m'chikuta

Dziko la Malawi lidachita zotamandika pokopa amayi kuti azikachirira ku chipatala, moti kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti ana 91 mwa 100 aliwonse ankabadwira kumeneko. Komabe kafukufuku yemweyo adaonetsa kuti amayi 42 okha mwa 100 ndiwo ankapimidwa m'masiku awiri oyamba atachira. Mlandu umenewu ndi wa Unduna wa Zaumoyo, pakuti mayi akatuluka m'chipatala amakalowa m'chikuta, kutanthauza masiku amene iye ndi khanda amabindikira m'nyumba kufikira mchombo utagwa, ndipo sabata yoyamba imeneyi ndiyo imene makanda ambiri amamwalira. Khanda limene lasiya kuyamwa, latentha thupi kapena mchombo wake wayamba kutuluka mafinya limangoonedwa ndi agogo ake, amene chikondi ali nacho chochuluka koma zizindikiro zoopsa sadaphunzitsidwe.

Njira yothetsera vutoli idakhazikitsidwa kale. Mlangizi wa zaumoyo, wantchito wa boma amene amayenera kutumikira anthu 1,000, adapatsidwa udindo woyendera mayi woyembekezera katatu pakhomo pake, kenako n'kubweranso tsiku loyamba, lachitatu ndi lachisanu ndi chitatu mwana atabadwa, kuti aone mchombo, ayese kutentha kwa thupi, alimbikitse kuyamwitsa mwakathithi ndi kutumiza odwala ku chipatala. Ku Mchinji, ntchito ya MaiMwana idaonetsa kuti ngakhale amayi odzipereka a m'mudzi momwemo, akaphunzitsidwa bwino, amatha kusintha kayamwitsidwe ka ana poyendera anzawo m'makomo.

Chopweteka mtima n'chakuti maulendowa amatengedwa ngati ntchito ya mabungwe, yoyamba thandizo likabwera ndi kuzilala likatha. Alangizi ambiri sakhala m'midzi imene amatumikira chifukwa nyumba kulibe, ndipo munthu amene wasenzetsedwa katemera, sikelo ya ana, kulera ndi kuthira mankhwala m'zitsime sangapalase njinga yophulika matayala kukafika pakhomo limene palibe adamuuza kuti pabadwa mwana. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ayenera kukana ndondomeko ya zachuma ya undunawu ngati ilibe ndalama za nyumba ndi njinga za alangizi, ndipo chipatala chilichonse chikakamizidwe kudziwitsa mlangizi tsiku lomwelo limene mayi wa m'dera lake watulutsidwa.