MPHEPO NAYONSO IMAMWA MAFUTA

Galimoto ikamathamanga imakankhana ndi mphepo, ndipo wolipira mkangano umenewu ndi mwini galimoto pogula mafuta. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo yobweza galimoto imawirikiza kanayi.

Ku South Carolina, m'dziko la America, bambo wina anatenga Honda Civic ya 1992 naiwonjezera mphuno yosongoka, mchira wautali woonda kumapeto ndi zotchinga matayala, ndipo kunsi anatsekako ndi zitsulo zosalala. Zipangizo zinamudyera madola pafupifupi 400, koma mafuta anayamba kukhalitsa.

Kodi a chapa a ku Ulónguè angatengere nzeru imeneyi? Pang'ono chabe. Pa msewu wafumbi galimoto imayenda pang'onopang'ono, choncho mphepo siivutitsa kwenikweni, ndipo chitsulo cha kunsi chingathe kukodwa m'miyala. Phindu limaoneka pa tala, monga pa msewu wochokera ku Tete kupita ku Zóbuè.

Zosalira ndalama ndi izi. Zitsulo zomangirapo katundu padenga zichotsedwe ngati palibe chonyamula. Matumba a mbatata asanjikidwe motsika kuseri kwa kabini, lona amangidwe zolimba kuti asakupize. Bampala yolendewera ikonzedwe.

Koma pali chenjezo. Wotseka kumaso konse kwa galimoto amamana mphepo radiyeta, injini n'kupsa. Lata lomangidwa ndi waya likhoza kuthothoka pa liwiro n'kutema mwana woyenda m'mbali mwa msewu. Chilichonse chowonjezera chimangidwe ndi mabawuti.

Njira yotsika mtengo koposa ili kuphazi kwa dalaivala: achepetse liwiro, mafuta atsala.