MWANA SANADZIGUNDE YEKHA

Anzanga a kunyanja, ndakhala chete masabata atatu, lero ndiyankhula basi. Amene simukonda zowerenga zitalizitali pepani, koma muwerengebe.

Mwezi wathawu mwana wa achemwali anga, wazaka 7, wa Sitandade 2, anagundidwa ndi galimoto pa M5 akuweruka kusukulu. Ali moyo, Mulungu alemekezeke. Koma fupa la ntchafu linathyoka, ndipo pano ali gone kuchipatala, mwendo ataukoka ndi chingwe chokhala ndi cholemera kumapeto, sangatembenuke ngakhale pang'ono. Tinamunyamula pa pikapu ya ogula nsomba, mutu wake uli pamiyendo panga, pakati pa madengu a usipa. Achemwali geni anasiya, akugona pansi pambali pa bedi. Temu ino kwa mwanayu yatha.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi mawu a anthu obwera kudzazonda. "Anadumpha msewu osayang'ana." "Ana a masiku ano ndi opulupudza." Ena akuti zinalembedwa, palibe akanaletsa. Aaa, zoona? Mwana wazaka 7 ndiye tamupeza wolakwa, ife akuluakulu tonse tasamba m'manja?

Bambo anga akhala pamadzi zaka zoposa 30. Mwera ukayamba mu June ndi July amayang'ana nyanja m'mawa, akaona kuti yakwiya amakhala pansi n'kumasoka ukonde. Munthu akalowa m'madzi ndi bwato lobowoka mwera uli pakati, n'kumira, pamaliro timakhala chete mwaulemu, koma padoko aliyense amadziwa chinachitika. Palibe msodzi amene amati zinalembedwa. Panyanja timawerenga mphepo, timadziwa kuti ngozi ili ndi chiyambi chake. Nanga bwanji tikafika pa tala nzeru zomwezo zimatithawa?

Tiyeni tiwerengere limodzi, samu yake ndi ya pulayimale. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Dalaivala akaona mwana, pamatenga pafupifupi sekondi kuti phazi lichoke pa moto lifike pa buleki. Ndiye kuti asanaponde n'komwe, wayenda kale mtunda ngati maboti atatu a matabwa atandondozana. Wothamanga 30 pa sekondi yomweyo wayenda mamita 8 okha. Komanso buleki ili ndi lamulo lake: liwiro ukaliwirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime umawirikiza kanayi. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga 65, mpata woti afe umaposa ka 4 ndi theka wa amene wagundidwa pa 50. Kusiyana kwa 15 kokhako. Bungwe lomwelo limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo kwa ana ndi achinyamata azaka 5 mpaka 29, palibe matenda amene amapha kuposa msewu. Zaka zimenezo ndi zathu, aise, ife ndi azing'ono athu.

Tsono taganizani za mwanayo. Ndi wamfupi, minibasi ikaima pasiteji iye saoneka, nayenso saona chimene chikubwera kuseri kwake. Maso ake sanaphunzire kuyeza kuti galimoto ili uko ifika pano nthawi yanji. Akaona amayi ake kutsidya, kapena mpira wagubuduka, mutu wonse umapita komweko. Mungamukwapule, mungamuimbitse nyimbo yoti yang'ana kumanja, yang'ana kumanzere, tsiku lina adzaiwalabe, chifukwa ndi mwana. Ine ndinali choncho, inunso munali choncho, tinangokhala ndi mwayi. Malo amene ana amadutsa tsiku ndi tsiku ayenera kukhala oti mwana akalakwitsa atuluke ndi mabala a m'mabondo, osati bokosi.

Kwathu kuno sukulu ili kumtunda kwa msewu, nyumba zambiri zili kumunsi cha kunyanja. Mwana aliyense amawoloka kawiri patsiku, ena kanayi. Tala ndi wopapatiza, m'mbali munadyeka ngati chigumu cholumidwa, kanjira ka oyenda pansi kulibe. Kampata kochepa kamene katsala ife tayanikapo mpunga ndi chinangwa, taikapo mabenchi a tomato, tayimikapo njinga. Ndiye mwana ayende pati? Timamukankhira tokha pakati pa msewu, kenako tizidabwa.

Ndipo tisamangoloza matraki ochokera kutali. Akuthamanga pamsewu uwu ndani? Wakabaza wa njinga yamoto ndi mnzathu amene tinali naye kalasi imodzi. Wa Sienta wolimbirana pasenjala ndi minibasi ndi mlamu wathu. Pikapu yothamangira ku Lilongwe kuti nsomba zisavunde yanyamula nsomba za bambo athu. Ndisaname, inenso ndakhalapo kumbuyo kwa pikapu ndikumenya denga kuti adalaiva tapondani, msika utithera. Dalaivala woyenda bwino timamuseka kuti ndi nkhalamba, wouluka timamutcha dolo. Tsiku lija ndili ndi magazi a mwana pa thalauza ndinakumbukira kumenya denga kwanga konse, ndipo manyazi anandigwira.

Palinso khalidwe lina limene ndatopa nalo. Mwana akagundidwa, m'pamene timadzuka. Miyala, mitengo pamsewu, ena akufuna petulo awotche galimoto, ena akumba ngalande pa tala. Masiku atatu, apolisi abwera, mitengo yachotsedwa, anyamata awiri ali m'selo, basi nkhani yatha. Chatsala n'chiyani? Madalaivala onse aphunzira kuti ukagunda munthu kunyanja usaime, thawa. Ndiye mwana wotsatira adzagona pamsewu akutaya magazi, galimoto imene ikanamuthamangitsira kuchipatala itapita kalekale. Ukali umenewo tikadzaufuna pa msonkhano wa kwa amfumu, supezeka.

Wina anena kuti ifetu ndife osauka, za misewu yabwino ndi za kwa azungu. Ayi ndithu. Ku Dar es Salaam, kwa anansi athu a ku Tanzania, bungwe lotchedwa Amend linapita m'masukulu a pulayimale amene ana ankagundidwa kwambiri. Sanamange misewu ya m'mwamba. Anaika mahampu, mizere yowolokera, zikwangwani, tinjira ta oyenda pansi, ndipo pena anangosuntha geti la sukulu kuti ana asamatulukire pamsewu waukulu. Atawerenga, anapeza kuti ana ovulala anachepa ndi 26 pa 100 aliyense. Simenti, penti ndi geti. Ndipo mu 2020 mayiko atakumana ku Stockholm anagwirizana kuti pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi, liwiro lizikhala 30.

Madalaivala ndikudziwa muyankha kuti mahampu amachedwetsa, amathyola masipuling'i. Chabwino, tiwerengenso. Mamita 500 a pasukulu, pa 80 mumawadutsa m'masekondi 23, pa 30 ndi mphindi imodzi. Mwataya masekondi osakwana 40. Pa rodibuloko mumaima nthawi yoposa pamenepo, pogula chambo chopachika pagalasi mumaima mphindi khumi mukunenerera mtengo. Usipa suvunda m'masekondi 40, amwene.

Hampu pa msewu ngati M5 sitingaike tokha usiku ndi makasu, yotero imaphanso anthu a njinga zamoto. Misewu ikuluikulu imayang'aniridwa ndi a Roads Authority, ndiye kalata ipite kumeneko kudzera kwa a DC, itasainidwa ndi amfumu, ahedi, komiti ya sukulu ndi khansala. Ndalama za CDF zilipo, ndipo aphungu nthawi ya kampeni amadziwa njira yobwerera kuno ndi mipira ndi mayunifomu a timu. Ulendo uno akabwera tiwafunse za geti ndi kanjira ka ana, mpira tigula tokha.

Koma kalata imatenga miyezi, pamene ana akuwoloka mawa m'mawa. Mpunga ndi chinangwa zichoke m'mbali mwa tala. Ana tiwaphunzitse kuyenda kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto zimene zikubwera, osati kuzipatsa msana. Wa Sitandade 1 ndi 2 asawoloke yekha, pakhale wamkulu womugwira dzanja. Ukakwera galimoto ikuuluka pasukulu, tsegula pakamwa, olo ena akuseke. Ndipo ife anyamata amene timatuluka m'madzi m'bandakucha n'kumangocheza padoko mpaka dzuwa litakwera, mphindi 30 zoima pamsewu ndi nsalu yofiira zingatiphe?

Ine ndayankhula kale ndi ahedi ndipo avomera. Lolemba 6:30 m'mawa ndikhala pa geti la sukulu, nsalu yofiira ndapeza, ndinang'amba ku mbendera yakale ya boti la bambo. Ndikufuna anthu ena atatu, awiri a m'mawa ndi mmodzi wa nthawi yoweruka, kuti tizisinthana. Kalata ija ndailemba, ili ndi ine, ikusowa masiginecha. Amene muli m'magulu a kabaza ndi a ma Sienta, tumizani uthengawu kumeneko, ndipo akafuna kunditukwana andipeze pa getipo.