Timasonkhera bokosi, nanga wodwala?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale amene mumadutsa pano, lero ndili ndi dandaulo pa makomiti athu a welofeya. Sukulu iliyonse imene ndaphunzitsapo ili nayo komitiyi. Mwezi ukatha timasonkha, ndipo mnzathu akaferedwa timathamanga: chipepeso, shuga, nkhuni, galimoto yopitira kumaliro. Zonsezo n'zabwino. Koma mnzathu yemweyo akamadwazika kholo lake miyezi inayi m'chipatala, timangomufunsa pakhomo la sitafurumu kuti "kaya odwala aja?" kenako n'kutola choko, ulendo wa m'kalasi. Ine ndikuti dongosolo limeneli n'lopendekeka.

Mayi anga anagwidwa ndi sitiroko, mbali yakumanja inafa, mawunso anasowa. Sitiroko imabwera magazi akaleka kufika mbali ina ya ubongo, mwina mtsempha watsekeka kapena waphulika, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi BP. Si malungo oti mukamwa LA masiku atatu mwadzuka. Munthu wamkulu amayenera kuphunziranso kukhala tsonga, kumeza, kugwira supuni, kuponda pansi. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, ndiye kuti mafizo akadukizadukiza nthawi imeneyi, mwayi wina umapitiratu. Tsoka lake, imeneyi ndi nthawi yomwenso odzazonda aja atha, ndalama yatha, aliyense wabwerera ku zake.

Madokotala a mafizo ndi ochepa. Dziko lathu linayamba kuwaphunzitsa pa digiri mu 2010 ku College of Medicine, yomwe pano ili mu KUHeS, ndipo malo ogonekako anthu ochita mafizo, monga Kachere ku Blantyre, ndi owerengeka. Choncho ntchito yambiri imagwera gadiyani. Iyeyo ndiye wotembenuza wodwala maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda, usiku womwe. Ndiye wosambitsa, wochapa, wophika ku chitando, womwetsa phala pang'onopang'ono kuti wodwala asatsamwe, wobwereza mafizo amene dokotala wamuonetsa. Kugona kwake ndi pa chitenje, pansi.

Nanga gadiyaniyo amakhala ndani? Tisanamizane, amakhala mzimayi. Kwathu anali kusinthana alongo anga ndi mayi a kunyumba kwanga, ine n'kumangofika madzulo ndi Loweruka, makope oti ndichonge ali m'chikwama. Ana athu anazolowera kudya nsima yophika bambo awo (musandifunse za mibulu yake). Geni ya mayi awo inaima. Palibe amene anakangana ndi mnzake mokweza mawu, koma m'nyumba munali kutopa kumene kumachititsa kuti funso loti "sopo watha?" limveke ngati mlandu.

M'mabanja ena mzimayi wamkulu woti adikirire palibe, ndiye diso limagwera pa mtsikana wa sukulu. Apa pokha sindinyengerera. Tonse tinaonapo mwana wa Fomu 3 atasowa teremu yathunthu, tikafunsa akuti akudikirira agogo ake. Akabwera wapeza anzake ali patali, MSCE ili pakhomo. Msuweni wake wamwamuna sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Mwana athandize pa holide kapena Loweruka, koma kumusandutsa gadiyani wokhazikika n'kulipira matenda a agogo ndi tsogolo la mdzukulu.

Inunso ana anga amene muli ku Johannesburg ndi ku London, ndalama imene mumatumiza imathandiza kwambiri, musasiye. Koma musaganize kuti mukatumiza ndiye kuti mbali yanu yatha, n'kumaimba foni kufunsa wodikirira chifukwa chake mayi sanayambe kuyenda. Amene ali pa chitenje uja akuperekanso: tulo, msana, geni yake, nthawi ya ana ake. Bwanji gawo lina la ndalamayo likhale lake, kapena lilipire munthu womupumitsa masiku awiri pa sabata? Zimenezi n'zofunika kuzikambirana sabata yoyamba, amalume ali pomwepo, n'kulemba m'kope kuti uyu masiku akuti, uyu thiransipoti, uyu chakudya.

Tibwerere ku sitafurumu. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka tchuthi munthu akadwala iye mwini, koma lilibe tchuthi chodwazikira kholo. Mphunzitsi amangodalira mtima wa ahedi. Akakhala omvetsa, mwayi wake. Akakhala ouma, amayamba kuzemba, ana n'kumakhala opanda mphunzitsi, iye n'kumalowa katapila.

Ena anena kuti maliro ndi a tsiku limodzi pomwe matenda alibe malire, thumba lingathe. Ndikumva. Ndiye tiike malire ifeyo: thandizo la thiransipoti ndi chakudya kwa miyezi itatu yoyambirira, kwa kholo, mwana kapena mnzake wa m'banja, pakhale kalata ya kuchipatala. Chinanso sichifuna ndi tambala yomwe. A dipatimenti imodzi tingagawane mapiriyodi a mnzathu tsiku limodzi pa sabata, ahedi akudziwa, zitalembedwa pa bolodi, kuti apite kuchipatala osayang'ana kumbuyo.

Ine nkhaniyi ndikaitula pa msonkhano wa aphunzitsi wotsegulira teremu ikubwerayi. Ngati kusukulu kwanu muli kale ndi dongosolo lotere, ndiuzeni mmene munalilembera, ndikawawerengere anzanga.