Mayunitsi akuthera mumphika, osati m'foni

Sabata ino ndalandira kalata ya mayi wina wa pa Golomoti. Akuti m'nyumba mwake mulibe mtendere chifukwa cha mayunitsi. Bambo akagula magetsi, sabata isanathe mita yayamba kale kulira, ndiye akuti ana ndi mafoni awo ndiwo akumaliza. Afika polanda matchaja onse n'kuwatsekera m'sutikesi.

Mwana wanga, choyamba auzeni bambowo, mwaulemu, abweze matchajawo. Foni ngakhale muitchaje tsiku lililonse, mwezi umatha isanamalize yuniti imodzi. Babu la LED la mawati 9 loyaka maola 5 usiku uliwonse limadya yuniti imodzi ndi kachidutswa pamwezi.

Wakuba ali kukhitchini. Hotipuleti ya mawati 1,000 imadya pafupifupi yuniti imodzi pa ola. Nyemba zouma zija mumazitereka maola atatu, ndiye kuti mphika umodzi wadya magetsi a babu lija a miyezi iwiri. Ziviikeni m'madzi usiku wonse, vindikirani mphika, ndipo muzimitse mbale zikatsala pang'ono kupsa, kutentha kotsalako kumalizitsa. Simbi nayo ndi mnzake wa hotipuleti. Sitani zovala za sabata yonse kamodzi, osati shati limodzi m'mawa uliwonse. Apatu ndikunena inu abambo. Filiji pa kutentha kwa kunyanjako mu Okutobala imavutika, choncho musaikemo zakudya zotentha, ndipo onani ngati mphira wa chitseko ukugwirabe.

Mwafunsanso kuti bwanji magetsi akudula pomwe mapanelo adzuwa ali pakhomo panu. N'zoona, kuyambira 2022 kampani ya JCM Power ikupanga magetsi okwana mamegawati 20 pa Golomoti pomwepo. Koma imagulitsa kwa ESCOM, magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo mtengo amavomereza ndi a MERA. Wa pa Golomoti ndi wa ku Ndirande amalipira chimodzimodzi. Kuwonjezera apo, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zinakwera. Zimenezo si mlandu wa ana anu.

Tsono chimene chandiopsa m'kalata yanu n'chakuti mwayamba kulowetsa mbaula m'nyumba usiku. Ayi, mwana wanga, zimenezo lekani lero. Pa zaka zanga za unamwino ndinalandirapo mayi ndi ana ake awiri atakomoka chifukwa chogona ndi mbaula, mazenera ali otseka. Wamng'onoyo sanadzuke. Mpweya wa makala sununkha ndipo suoneka. Munthu amangomva mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka tulo. Mukaona wina ali choncho mutulutsireni panja, thamangirani naye kuchipatala. Mbaula malo ake ndi pakhonde. Kandulo nayo isayandikire neti yaudzudzu.

Loweruka likubwerali, itanani bambo muime nawo pa mita. Lembani nambala imene ikuoneka, tchajani mafoni onse ola limodzi, muonenso. Kenaka yatsani hotipuleti ola lina. Inu musayankhule kanthu, asiyeni awerenge okha. Mukatero mundilembere, ndikufuna ndimve kuti anati chiyani.