Tisakulungire usipa m'mabuku akale

Ndiloleni danga pang'ono m'nyuzipepala yathuyi kuti ndidandauleko za khalidwe lomwe lafala m'misika ya kuno ku Machinga ndi ku Balaka, long'amba mabuku akale n'kumakulungira usipa, mandasi ndi mtedza.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikutolera mabuku akale, makamaka a nthano zopeka zosimba mmene anthu angakhalire dziko litaonongeka ndi nkhondo, mliri kapena njala. Anzanga a pabawo amandiseka, ati ndine nkhalamba yosunga zinyalala. Sindikwiya nazo, koma zomwe ndinaona mwezi wathawu zandikhalitsa chete mokwanira.

Ndinagula usipa pamsika wa Liwonde ndipo mayi wogulitsayo anandikulungira m'pepala la Chingerezi. Ndili m'minibasi ndinayamba kuwerenga pepala lija, ndipo mtima unangoti phwii, poti linali tsamba la buku lotchedwa The Death of Grass lomwe ndalifunafuna zaka zambiri osalipeza. Ndinatsikira panjira n'kubwerera kumsika kuja, koma ndinangopeza chikuto ndi masamba owerengeka. Mayiyo anati anagula thumba lonse la mapepala kwa mnyamata wina amene anawatola pasukulu ina pomwe ankasesa m'makabati. Mayiyo sindikumuimba mlandu, akufuna chodyetsa ana ake. Mlandu uli ndi ife odziwa kuwerenga amene timataya mabuku ngati makoko a nthochi.

Bukuli analemba ndi John Christopher wa ku England m'chaka cha 1956. Limasimba za matenda amene anayamba kupha mpunga ku China, kenaka n'kufalikira ku tirigu ndi mbewu zonse za mtundu wa udzu, mpaka anthu aulemu wawo anayamba kuphana chifukwa cha chakudya. Kwa zaka zambiri bukuli linasowa ngakhale kwawo komweko, mpaka kampani ya Penguin inalisindikizanso mu 2009. Akonzi, chimanga chathuchi nachonso ndi mtundu wa udzu. Amene tinaona mbozi zachilendo zija zikumaliza minda mu 2017, amene tinadya mizu ndi gaga m'njala ya 2002, tinganene kuti nthanoyi ndi ya azungu okha?

Buku lina lomwe ndimalisunga ngati dzira ndi Earth Abides, la George R. Stewart wa ku America. Linatuluka mu 1949, chaka chomwe makolo athu kuno ku Nyasaland anavutika ndi njala yoopsa ija. M'bukuli mliri unapha pafupifupi anthu onse, ndipo bambo wina wotsala anayesetsa kuphunzitsa ana kuwerenga, koma anawo sanaone phindu lake, nyumba ya mabuku n'kungokhala chitsekere. Pamene Covid-19 inatsekesa sukulu mu 2020, atsikana ambiri m'midzi yathu n'kukwatiwa osabwereranso m'kalasi, ndinalitenganso bukuli n'kuliwerenga ndi maso ena.

Tsopano ndilankhule ndi inu abusa, ansembe, mashehe ndi akuluampingo, popeza ndikudziwa kuti tsamba lino mumaliwerenga. Ena mwa inu mumati mabuku oterewa ndi oopseza anthu, mwinanso ndi ausatana, ndipo mkulu wina wampingo anandilangizapo kuti ndiwatenthe. Ndimalemekeza nkhawa yanu, pakuti si buku lililonse loyenera mwana. Koma chonde liwerengeni kaye buku musanaliweruze.

Lilipo lina lotchedwa A Canticle for Leibowitz, la Walter M. Miller, la m'chaka cha 1959. Mlembiyu anali m'gulu la asilikali a ndege amene anaphulitsa nyumba yakalekale ya amonke ya Monte Cassino ku Italy mu 1944, ndipo nkhondo itatha analowa Chikatolika. M'nthano yake, mabomba a nyukiliya atapsereza dziko, anthu otsala anakwiyira maphunziro, nayamba kutentha mabuku ndi kupha ophunzira. Amene anabisa mabuku, kuwaloweza pamtima ndi kuwakopera pamanja kwa zaka mazanamazana anali anthu a Mulungu. Kodi buku lotamanda ntchito ya mpingo chonchi ndi loyenera moto? Ngakhale kuno kwathu, ndani anatiphunzitsa a, e, i, o, u ngati si amishoni? Kodi si a Montfort amene anadzala makina osindikizira mabuku pa Balaka pompa?

Ena amati m'Malemba Oyera muli kale zonse za masiku otsiriza. Zoona, ndipo nthano sizingalowe m'malo mwa Malemba. Koma Yosefe, amene abale athu Achisilamu amamutcha Yusufu, atamva za zaka zisanu ndi ziwiri za njala sanangopinda manja, anamanga nkhokwe. Mabuku ndikunenawa salosera tsiku ayi. Amangotifunsa kuti zinthu zikadzavuta, mbewu adzasunge ndani, mwana wamasiye adzamudyetse ndani, ndipo nzeru za kubzala, kuchiza ndi kuwerenga zidzatsale ndi yani. Chakudza sichiimba ng'oma. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anapha anthu mazanamazana m'chigawo chakummwera, ndipo pamodzi ndi nyumba anakokololanso ziphaso, makalata a ubatizo ndi mabuku a ana asukulu. Nyanja ya Chilwa tinaiona itauma mu 1995 ndi mu 2018. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa kuti dziko limatha kutembenuka usiku umodzi.

Enanso amati buku sadya. Inde sadya, komatu pepala lokulungira usipa limatha tsiku limodzi, pamene buku losungidwa bwino limaphunzitsa mwana, mdzukulu ndi chidzukulu. Ndipo si mabuku a azungu okha amene akutha. Ndani m'mudzi mwanu akadali ndi Nthondo wa Samuel Ntara, wa m'chaka cha 1933? Nanga Kukula ndi Mwambo wa John Gwengwe? Ngakhale Azotus the Kingdom, nthano ya zam'tsogolo yomwe Mmalawi mnzathu Shadreck Chikoti anatulutsa mu 2015, ndi angati kuno anaigwirapo m'manja? Tikapanda kusamala, zidzukulu zathu zidzamva maina okha.

Pempho langa ndi ili. Aphunzitsi aakulu, mukamasesa m'makabati musapereke mabuku kwa ogula mapepala musanaitane makolo ndi ena okonda kuwerenga kuti asankhepo. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, patulani kabati imodzi yokhoma, musankhe munthu wokhulupirika wolemba m'kope dzina la aliyense wobwereka. Inu amene bambo kapena agogo anakusiyirani katundu wa mabuku, musafulumire kuyatsira moto. Tsegulani masamba oyambirira muone chaka chimene bukulo linasindikizidwa, chifukwa osunga mabuku amafuna kwambiri lomwe linatuluka koyamba, makamaka ngati chikuto chake chili chonse. Funsani kaye, safunsa anadya phula.

Kusunga kwake sikulira ndalama. Adani a buku ndi chiswe, mphemvu, makoswe ndi chinyezi. Ine ndimaika anga m'bokosi lachitsulo lokhazika pa njerwa, kutali ndi khoma, n'kuthiramo masamba ouma a nimu. Mwezi wa October ndimawatulutsa kuti apitidwe mphepo pamthunzi, osati padzuwa, chifukwa dzuwa limaumitsa mapepala n'kumathetheka. Mitambo ya mvula yoopsa ikayamba, bokosilo limakwera pamwamba pamodzi ndi mbewu.

Pomaliza, kwa amayi ndi abambo a m'misika ya Liwonde, Ntaja, Ulongwe ndi Balaka, ndikuti mukapeza buku lathunthu m'thumba la mapepala, liikeni pambali. Alipo ena onga ine amene angakupatseni nyuzipepala zakale zokulungira, n'kuonjezapo kangachepe. Chikuto cha buku la John Christopher chija ndachisunga, ndipo ndikadali kufunafuna masamba ake.



Mphunzitsi wopuma,
Ntaja, Machinga.