Ululu wosatha usabwezere munthu ku kacasu

Ku Chinzombo, m'boma la Mambwe, ndiko kuli maofesi a alonda a nyama za m'nkhalango ya South Luangwa. Amuna a nchito imeneyi amayenda masiku ambiri m'thengo atasenza mfuti ndi katundu, ndipo amagona pansi. M'midzi ya a mfumu Kakumbi ndi a mfumu Nsefu muli alimi opindika msana ndi khasu, ndi ena amene anapulumuka kwa njobvu kapena ng'ona koma mafupa sanalunge bwino. Ena a iwo akafooka amabwera kwa abale ao ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika mu Chipata, ndipo ululu amabwera nao. Motero bvuto la ku cigwa limasanduka bvuto la m'komboni.

A cipatala amati ululu ndi wosatha ukapitirira miyezi itatu. Ambiri amauthira kacasu. Mowa umagonekadi ululu kwa maola ocepa, koma ukamwedwa zaka zambiri umaononga mitsempha ya m'miyendo, mapazi n'kuyamba dzanzi ndi kutentha ngati moto. Munthu amamwa cifukwa ca ululu, ululu n'kumakula cifukwa ca kumwa. Boma linaletsa tujilijili m'caka ca 2012, koma lamulo silicotsa kupweteka kwa msana.

Munthu amene waleka mowa ali ndi ululu wotere ayenera kuthandizidwa pa matenda onse awiri nthawi imodzi. Kumuuza kuti angolimba mtima, pakuti anadziononga yekha, ndi kumutsegulira njira yobwerera ku shabini. Usiku wacitatu wosagona cifukwa ca msana, malonjezo onse amene anapanga kwa mkazi wake ndi ku chalichi amapepuka.

Colakwa cina ndi ca abale acifundo amene amathamangira kukagula mapilisi amphamvu kwa ogulitsa a m'misika. Tramadol, Valium ndi mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine amagwira munthu monga mmene mowa unamugwirira, ndipo amene anakhalapo cidakwa sacedwa kukodwa nao. Akasakanizidwa ndi mowa amacedwetsa kupuma, munthu n'kufera m'tulo. Ndiponso thupi likapuma miyezi ingapo osalandira mankhwala otere limaiwala kuwapirira, kotero kuti mlingo umene munthu anali kumwa kale osagwa ukhoza kumupha tsiku limene wabwererako.

Cithandizo ceni-ceni cimayamba ndi kunena zoona pamaso pa dokotala kapena nasi: mowa wanji, wocuruka bwanji, analeka liti. Izi zimasintha mankhwala. Munthu wamkulu wathanzi sayenera kupitirira mapilisi 8 a Panado a 500mg patsiku, koma amene ciwindi cake cinatopa ndi mowa ayenera kumwa ocepera apo. Brufen ndi diclofenac amathandiza mfundo zotupa, koma akamwedwa nthawi yaitali amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Kutentha kwa mapazi ndi ululu wotsala pambuyo pa mashingozi sizimva Panado kweni-kweni, ndipo pamenepo a cipatala amapereka amitriptyline wocepa womwa usiku. Kwa odwala TB, mankhwala a isoniazid nao amatenthetsa mapazi, ndipo vitamini B6 amateteza. Msana wopweteka sufuna kugoneredwa tsiku lonse: kuyenda pang'ono-pang'ono, kuthowa ndi madzi ofunda ndi kucepetsa katundu wosenza kumathandiza koposa mphasa.

Ena a nchito ya cipatala amati cidakwa cimanama ululu pofuna mapilisi. Zimacitika ndithu. Koma kumana onse cifukwa ca ocepa ndi kulanga wodwala weni-weni. Njira iripo: wodwala alandire mankhwala pa cipatala cimodzi, apatsidwe a masiku ocepa, abwerenso pa tsiku loikika, ndipo mapilisi asungidwe ndi wacibale wodalirika amene amawerenga. Ngakhale morphine sayenera kumanidwa munthu wa khansa kapena wothyoka fupa cifukwa coti anali kumwa kale. Bungwe la World Health Organization linaika ndondomeko m'caka ca 1986 yoyamba ndi mankhwala ofatsa ndi kukwera pokhapokha ululu wa khansa ukakana, ndipo mbiri ya munthu siimucotsa pa ndondomeko imeneyo. Cofunika ndi kumuyang'anira mosamala.

Nalo banja liri ndi mbali yake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Masiku oopsa amadziwika: kumapeto kwa mwezi ndalama zikalowa, pa maliro, ndi pamene ululu wakula. Munthu akayamba kusagona, kukwiya msanga ndi kuyenderanso anzake akale a mowa, ndiyo nthawi yomuperekeza ku cipatala asanagwe. Akagwa, asatukwanidwe ndi kuthamangitsidwa pakhomo, pakuti ambiri amene analekeratu anayamba agwapo kangapo. Koma amene wamwa kwambiri masiku onse asalekere kunyumba mwadzidzidzi. Kunjenjemera, kukomoka ngati wa khunyu ndi kuona zinthu zosaoneka kumabwera m'masiku oyamba, ndipo kukhoza kupha ngati palibe wacipatala pafupi.

A ku cigwa ali ndi kiliniki ya Kakumbi ndi cipatala ca Kamoto. A m'tauni ali ndi makiliniki ao ndi cipatala cacikulu ca Chipata, ndipo matenda akakula amatumizidwa ku Chainama ku Lusaka. Bungwe la Drug Enforcement Commission, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1989, siligwira anthu cabe koma limaperekanso uphungu.

Cimene cikufunika m'zipatala zonsezi sicifuna ndalama. Wodandaula ululu wa miyezi afunsidwe za mowa ndi mapilisi popanda kumunyoza, ndipo woleka mowa afunsidwe ngati pali pamene pamuwawa. Mafunso awiriwa akafunsidwa m'cipinda cimodzi, amuna ndi akazi ambiri amene anayesetsa kuleka adzakhalabe oleka.